Mutu 5: Masupuni Awiri a Fulawa

1.

A Nedson atabwerako ku Joni mu Febuluwale chaka cha 2006, anthu a mu Biwi anatuluka m'nyumba zawo kudzaona katundu. Bambowa anali atakhala ku Cape Town zaka zinayi akuphika pa nyumba ina yogona alendo. Anzawo amene anapita nawo limodzi ankabwera ndi mafiriji ndi mawailesi akuluakulu, ena mpaka galimoto. A Nedson anatsika takisi ndi chikwama chimodzi komanso katoni yomanga ndi chingwe. M'katonimo munali poto wamagetsi.

Koma anthu sanayang'ane kwambiri katoniyo. Anayang'ana thupi. Munthu amene anachoka ali wadzitho anabwera malaya akulendewera pamapewa ngati ayanikidwa pa waya.

Mwana wawo anali mmodzi yekha, Eneless, wa zaka khumi ndi zisanu, ndipo anali Fomu 2. Iye ndiye anasenza katoniyo kulowa nayo m'nyumba. Sanacheuke, koma ankadziwa kuti mdadada wonse ukuwayang'ana.

Atangomwa madzi, a Nedson anakhazika pansi akazi awo, a Betty, pamodzi ndi Eneless.

"Ndikudziwa zimene anthu ayamba kale kunena panjapa," anatero. "Inu mumve kuchokera kwa ine. Ndinadwala chaka chathunthu, kutsekula m'mimba, kusanza, kufooka. Magazi ndinayezetsa kawiri, kachilombo sanakapeze. Kenako dokotala wina anandiunika m'matumbo, n'kupeza kuti tirigu ndiye akundiwononga mkati. Matenda ake alibe mapilitsi. Mankhwala ake ndi kuleka buledi, mandasi, masikono, mabisiketi, ndi chilichonse chimene fulawa wakhudza."

"Nanga mutangolawa pang'ono, ababa?" anafunsa Eneless.

"Kwa ine pang'ono ndi zambiri n'chimodzimodzi. Ndipo umve ichi, mwana wanga. Akanakhala matenda enawo sindikanabisa. Masiku ano anthu akumwa mankhwala, akugwira ntchito, akulera ana awo. Koma anga si amenewo."

A Betty anakhulupirira amuna awo. Buledi analeka kulowa m'nyumbamo. Anagula mthiko watsopano n'kuumanga kansalu kofiira kuti usasokonezeke ndi wina. Pofika mu Meyi masaya a bambowa anayamba kubwerera, ndipo ankatha kuyenda osapumira panjira mpaka ku Mchesi, kumene akazi awo ankasoka zovala pakhonde la sitolo.

Pakamwa pa anthu pokha ndi pamene sipanasinthe. Eneless akafika pampopi, amayi ankadukiza nkhani. Kusukulu wina analemba ndi choko pa desiki yake kuti "wamasiye wa mawa". Eneless anafufuta ndi chikhatho, ndipo sanauze munthu.

2.

Mu Juni munabwera mwayi. Ku Area 47 kunali loji yatsopano imene inkafuna wophika. Mwini wake anali atawaonapo a Nedson mu Epulo n'kuwabweza, akuti khitchini imafuna munthu wotha kuima tsiku lonse. Tsopano anawaitananso kuti Lolemba akaphike chakudya choyeserera, pamodzi ndi anthu ena awiri ofuna ntchito yomweyo.

Loweruka a Nedson anadzuka m'mamawa, kunja kukuzizira, kuti ayambe ayeseza kunyumba. Anasankha ndiwo imene alendo a ku Cape Town ankaikonda, yotchedwa chili: nyama yogaya ya ng'ombe, nyemba zofiira, tomato ndi tsabola, zophikira pamodzi.

Eneless ankadula anyezi, bambo ake akumulangiza.

"Nyemba zofiira usadzaziike zosawiritsa mu poto uyu," anatero akutsanula madzi a nyembazo. "Moto wake ndi wochepa, zikhoza kupweteka anthu m'mimba. Uziviike dzulo lake, m'mawa uziwiritse kwambiri pa mbaula, kenako ndiye zilowe."

Anakazinga nyama ija mpaka inafiirira. Anaikamo anyezi, adyo, papurika, mchere ndi tsabola wa kambuzi muwiri. Zonsezo anazikhuthulira mu poto wamagetsi pamodzi ndi nyemba ndi tomato wosenda. M'malo mwa supu wa m'mapaketi, amene nthawi zambiri amakhala ndi tirigu, anathiramo msuzi wa mafupa amene anawiritsa okha. Anavundikira ndi chivundikiro chagalasi n'kuyatsa. Kanyali kofiira kanawala.

"Maola asanu ndi atatu," anatero. "Poto ameneyu safuna munthu wopupuluma. Ukamatsegulatsegula kutentha kumathawa. Udzatsegule kamodzi kokha, wani koloko. Ukanyenye nyemba zingapo ndi mthiko, usungunule supuni imodzi ya ufa wa chimanga m'madzi ozizira, uthiremo kuti msuzi ugwirane. Basi."

Anatuluka akuimba mluzu. Ankapita kukameta, kenako ku Kawale kukabwereka jekete loyera la ophika kwa mnzawo wina.

A Betty anali atavala kale juzi kuti azipita kukasoka ku Mchesi, koma anaima pakhomo n'kubwereranso.

"Eneless, siya kaye mbalezo undimvere," anatero. "Wawamva bambo ako akuimba? Ine nyimbo imeneyi ndinali nditaiiwala. Miyezi inayi tavutika kuti afike pamenepa, ndipo iwe waona wekha kuti si mwayi ayi, ndi kusamala. Lero poto takusiyira iwe. Ufa wa chimanga uli m'chitini cha buluu, usatenge wina. Mthiko ndi wakansaluwo. Usabwereke supuni kwa aneba, ndipo iwo asabwereke kwa ife. Wina akadzabwera ndi nzeru zake kuti thiramo ichi chikome, umuyamike, koma usathire. Mnzako Thokozire ndi mwana wabwino, sindikumuda, koma kwawo ndi kokazinga mandasi ndipo manja ake sachoka fulawa. Muchezere panja. Makina anga aja atopa, mwana wanga, sangatinyamule tonse atatu mpaka kalekale. Ntchito ya Lolemba ikapezeka, iwe sukulu umaliza. Mchere ukachuluka m'ndiwo timawonjezera madzi, koma tirigu akalowa palibe chomuchotsera. Wandimva?"

"Ndamva, amayi."

"Usangoti ndamva. Uchite."

3.

Cha m'ma leveni koloko Eneless anatuluka kukayanika zovala kuseri kwa nyumba. Kutsidya kwa mpanda wa maudzu Thokozire anali atakhala pa mpando wa thabwa akusefa fulawa m'beseni. Anali mnzake wa m'kalasi imodzi kuyambira Sitandade 5.

"Kwanuko kukununkhira bwanji," anatero Thokozire. "Mwalandira alendo?"

"Ndi ndiwo ya ababa. Akuyeseza za Lolemba."

Thokozire anasefabe pang'ono. Kenako anaika sefa pansi n'kuyandikira mpanda.

"Eneless, ndikufunse, usakwiye. Iwe chibadwire unamvapo Mmalawi wodwala buledi?"

"Dokotala wa ku Joni ndiye ananena."

"Amalume anga a ku Chinsapo uwakumbuka? Poyamba anatiuza kuti ndi shuga. Kenako akuti alodzedwa kuntchito. Zoona zake tinazimva pamaliro, kwa anthu adera, ife achibale tili pompo. Akuluakulu sauza ana zoona pa nkhani zimenezi. Amakonza kankhani koti tizigona bwino."

"Ababa anayezetsa kawiri."

"Pepala lake unaliona?"

Eneless anapachika siketi yake ya sukulu pa waya, n'kuikonzakonza ngakhale inali yowongoka kale.

"Sindikukunyoza," anapitiriza Thokozire motsitsa mawu. "Kukalasi akamanena ine ndimakuikira kumbuyo. Koma akandifunsa umboni ndimasowa chonena. Ndikungoti ukonzekeretu mtima, zisadzakupeze mwadzidzidzi ngati mmene zinandipezera ine."

"Akunenepa. Sukuwaona?"

"Omwa ma ARV nawonso amanenepa."

Eneless anatola beseni la zovala n'kuyamba kulowera kunyumba. Atafika pangodya anaima. Anabwerera pa mpanda paja pang'onopang'ono.

"Undigawireko fulawa pang'ono," anatero osamuyang'ana mnzakeyo kumaso. "Chikuto cha buku langa la Masamu chamatuka, ndikufuna ndipange phala lomatira."

Thokozire anatapa masupuni awiri, anakulunga m'pepala la nyuzi, n'kumupatsira pamwamba pa mpanda.

4.

Wani koloko itakwana, Eneless anatsegula poto. Nthunzi inamumenya kumaso. Ndiwo inali itapsa bwino, yofiira, ikubwata mwakachetechete m'mbali. Anakanya nyemba zingapo monga anamuuzira. Chitini cha buluu chinali pa shelefu, koma iye sanachitsitse.

Masamu ake anali achidule. Bambo ake akadya osamva kanthu, ndiye kuti za tirigu n'zopeka ndipo Thokozire wanena zoona. Akamva kupotokola m'mimba kwa kanthawi, ndiye kuti Lolemba iye akayankha aliyense kusukulu mosaopa. Poto anali wamkulu, fulawa anali wochepa. Anadziuza kuti munthu wamkulu sangagwe ndi masupuni awiri.

Anasungunula fulawa uja m'kapu ya madzi ozizira. Madzi ena anatayikira pa tebulo. Anathira mu poto, anatakasa ndi mthiko wakansalu kofiira, n'kuvundikira. Pepala la nyuzi analiponya pa mbaula. Kapu anaitsuka kawiri.

Makolo ake anafika pafupifupi nthawi imodzi, itangodutsa thuu koloko. A Nedson anali atameta bwino, jekete loyera lili m'pepala la pulasitiki kukhwapa. A Betty anaphika mpunga, ndipo onse atatu anakhala pa tebulo.

A Nedson analawa, anatsinzina, n'kugwedeza mutu.

"Msuzi wagwirana bwino kwambiri," anatero. "Amake Eneless, mwanayu ali ndi dzanja. Ndikayamba ntchito ndizidzamutenga pa holide, aphunzire."

Anadya mbale imodzi, n'kuwonjezera ina. Eneless ankangosuntha mpunga uku ndi uku.

"Sukudya bwanji?" anafunsa mayi ake.

"Tsabola wandichulukira."

Ola loyamba linadutsa. A Nedson anayala bulangeti pa tebulo n'kuyamba kusita jekete lija, akufotokoza zimene akaphike Lolemba. Eneless anakhala pa mkeka ndi buku, koma maso ali pa bambo ake. Ankaoneka abwinobwino. Mtima wake unayamba kuzizira: ndiye kuti Thokozire ananena zoona.

Ola lachiwiri lili pakati, mawu a bambo ake anaduka. Anagwira pamimba ndi manja onse awiri. Anasiya simbi pamene inali n'kuthamangira kunja, koma kuchimbudzi sanafikeko. Anasanzira pakhonde.

Kwa kamphindi Eneless anamva chimwemwe. Bambo ake sananame.

Kenako a Nedson anasanzanso. Anasanza kachitatu atagwada, thukuta likuyenderera m'khosi ngakhale kunali kozizira. M'nyumba munayamba kununkha nsalu yopserera. A Betty atakachotsa simbi, pamsana pa jekete la eni panali patatsala chibowo chakuda.

5.

Pofika faifi koloko a Nedson anali atapita kuchimbudzi kosawerengeka. A Betty anawapangira madzi a mchere ndi shuga, koma akangomwa ankabweza. Maso analowa mkati. Atayesa kuimirira, miyendo inakana.

A Betty anathamangira kwa bambo wina wa pafupi amene anali ndi pikapu. Amuna awiri anawanyamula a Nedson pa bulangeti kudutsa nawo pabwalo. Dzuwa linali lisanalowe, ndipo mdadada wonse unatulukanso ngati tsiku lija la katoni. Palibe anaseka. Amayi ena anagwira pakamwa.

"Zafika pamenepa tsopano," anatero wina chapansipansi, koma Eneless anamva. "Matenda amenewa amatero. Munthu amaoneka ngati wachira, kenako basi."

Kuchipatala anawaika dilipi. Namwino anafunsa zimene anadya, ndipo a Betty anatchula chilichonse chimene chinalowa mu poto, chimodzichimodzi, mpaka mchere. Eneless anali ataima kumapazi kwa bedi atagwira nsapato za bambo ake. Namwino sanamufunse kanthu, ndipo iye sananene kanthu.

6.

Anawatulutsa Lamulungu masana. Anawauza kuti apumule sabata yonse. Za Lolemba palibe anazitchula, popeza munthuyo ankalephera ngakhale kunyamula kapu ndi dzanja limodzi.

Atawagoneka kuchipinda, a Betty anabwera ndi phala la mpunga. A Nedson anatembenukira kukhoma.

"Chotsani," anatero. "Ndatopa nazo. Miyezi yonseyi tirigu sindinamulawe. Zimene zinalowa mu poto uja ndinasankha ndekha, ndinaika ndi manja anga. Ndiye ngati zabwereranso popanda tirigu, dokotala uja analakwitsa. Muli china m'thupi muno chimene chikundidya, chimene iwo sanachione. Ndakuvutitsani pachabe, amake Eneless. Mwana ndamumana buledi pachabe. Ntchito yapita, jekete la eni ndawotcha. Anthu panjapa mwina amadziwa kuposa ife."

"Musatero, bambo a Eneless," anatero a Betty. "Mulungu sanatisiye."

Eneless anali pakhomo la chipinda. Anatsegula pakamwa, koma nthawi yomweyo panja panamveka odi. Anali azakhali ake, a Lois, mlongo wawo wa a Nedson, amene ankakhala ku Area 36. Analowa osadikira kuyankhidwa, anayang'ana mlongo wawo nthawi yaitali, kenako anatembenukira kwa a Betty.

"Alamu, ine ndakhala chete kokwanira," anatero. "Zaka zinayi achimwene kulibe, inu munazolowera kukhala nokha. Abwera opanda galimoto, opanda firiji, mwayamba kuwapatula. Mbale yawoyawo, mthiko wawowawo, chitini chawochawo. Ife achibale tikabweretsa chakudya mumatibweza, mukuti chili ndi tirigu. Kwathu konse, kuyambira agogo athu, palibe anadwalapo tirigu. Ndiye zimene mumathira m'mbale yapaderayo akuzidziwa ndani? Lachisanu munthu ndinamuona ndi maso anga akuyenda bwinobwino. Wadya za m'nyumba mwake, lero ndi uyu. Ndaimba kale foni ku Thyolo. Mawa m'mawa amalume akubwera ndi galimoto kudzawatenga, akaonedwe kumudzi. Za banjali tikakamba ndi ankhoswe munthuyu akakhala bwino."

A Betty anakhala pansi, pa simenti penipeni, mbale ya phala ili m'manja.

"Alamu, ine ndithire chiyani?" anatero. "Loweruka ndinali ku Mchesi pa makina. Poto sindinamukhudze n'komwe."

A Lois anatembenukira kwa Eneless.

"Iwe ndiwe wamkulu tsopano. Amako asanachoke m'mawa, kapena atabwera masana, sanayandikire poto ameneyo? Sanathiremo kanthu? Nena zoona, awa ndi bambo ako."

Onse anamuyang'ana, ngakhale bambo ake anatembenuza mutu. Eneless ankadziwa bwino lomwe kuti mayi ake sanathiremo kanthu. Koma akanati ayi, funso lotsatira likanakhala lakuti nanga anathira ndani.

"Sindikudziwa, azakhali," anatero.

"Mwamva?" anatero a Lois. "Ngakhale mwana wanu wobala nokha sakukuikirani kumbuyo."

A Betty anadzutsa mutu. Anamuyang'ana Eneless kamodzi, osati mokwiya, koma ngati munthu amene wapunthwa pamalo pamene amadutsa tsiku lililonse. Anaika mbale pansi n'kutuluka. Patapita kanthawi kulira kwawo kunamveka kuseri kwa nyumba. A Lois anatsegula kabati n'kuyamba kutulutsa malaya a mlongo wawo.

"Eneless," anaitana a Nedson ndi mawu ofooka. "Tabwera."

Anagwada pambali pa bedi. Bambo ake anamugwira dzanja, ndipo chikhatho chawo chinali chozizira.

"Usalire. Iwe unachita mbali yako, ndiwo unaiyang'anira bwino. Tenga ndalama m'thumba la buluku langalo, upite pa golosale ukandigulire buledi. Ngati ndikupita kumudzi, ndipite nditadyako chimene mtima ukufuna. Palibenso chimene ndikusunga."

"Ababa, buledi ayi."

"Pita, mwana iwe," anatero a Lois. "Munthu wapempha chakudya koyamba chidwalireni, ndiye uzimukaniza ngati amako?"

Eneless anapita. Golosale inali pafupi, koma anayenda pang'onopang'ono. Wogulitsa anamufunsa za odwala, iye anangogwedeza mutu. Buledi anali wa tsiku lomwelo, wofewa, ndipo fungo lake linamutsatira njira yonse.

Mu Biwi monse, munthu amene ankadziwa motsimikiza chimene buledi ameneyo akachite m'thupi la a Nedson anali iye yekha. Ndipo panalibe njira yowaletsera kudya popanda kunena mmene anadziwira.

Anafika pakhomo n'kuima. Kuseri mayi ake anali akulirabe. M'nyumba azakhali ake anali atatereka kale madzi a tiyi.

"Eneless," anaitana bambo ake kuchipinda. "Ndiwe? Wamupeza?"

Eneless anabisa buledi uja kumbuyo n'kukankha chitseko.